Makina Akalakwa, Kodi Mlandu Ngwayani?

Munthu aliyense adzayankha yekha kwa Mulungu pa zochita zake, ndipo palibe chipangizo chimene chidzamuyankhira.—Yerekezerani ndi Aroma 14:12.

1, 2. (a) Kodi woweruza wina ku KwaZulu-Natal anatulukira chiyani m'zikalata za maloya? (b) Kodi nchiyani chinali chodetsa nkhaŵa koposa pankhaniyo?

PA January 8, 2025, Khoti Lalikulu la chigawo cha KwaZulu-Natal, ku South Africa, linapereka chiweruzo chimene chinadzidzimutsa maloya m'dziko lonselo. Mlanduwo unali wa Philani Mavundla, wandale amene anakhalapo wachiŵiri kwa meya wa eThekwini, khonsolo yoyang'anira mzinda wa Durban, kuyambira mu 2021 kufikira mu 2022. Iye anali kupempha chilolezo cha kuchita apilo pankhani ina yokhudza khonsolo ya Umvoti. Pochirikiza pempholo, maloya ake anatchula milandu 9 yakale imene anati inagamulidwa mogwirizana ndi mfundo zawo. Koma pamene Woweruza Elsje-Marie Bezuidenhout, wa pabwalo la ku Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Durban, anafuna kuiŵerenga milanduyo, anaisoŵa. Ofufuza a khotilo anasanthula mabuku a zamalamulo napeza iŵiri yokha. Inayo sinapezeke kulikonse!

2 Nanga inachokera kuti? Kunadziŵika kuti chikalatacho chinakonzedwa ndi wophunzira ntchito ya uloya. Iyeyo anakana kuti anathandizidwa ndi makina, komabe woweruzayo anaona kuti mwachionekere maina a milanduyo anatuluka m'programu ya kompyuta yonga ChatGPT, imodzi ya zija zotchedwa nzeru zochita kupanga, kapena AI. Poyesa, iye analemba dzina la umodzi wa milandu yosapezekayo m'programuyo, ndipo inayankha monga ngati kuti mlanduwo ulikodi. Chodetsa nkhaŵa koposa chinali chakuti maloya achidziŵitso amene anayenera kupenda ntchito ya wophunzirayo sanatero. Khotilo linakana pempholo, linalamula ofesi ya maloyawo kulipira m'thumba mwake mbali ina ya ndalama za mlanduwo, ndipo linatumiza nkhaniyo ku Legal Practice Council, bungwe loyang'anira khalidwe la maloya.

3. Kodi nchifukwa ninji nkhani imeneyi ikukhudza ngakhale awo amene sanaloŵepo m'khoti?

3 Nkhani imeneyi si ya maloya okha. Lerolino makina a AI amathandiza kusankha munthu woyenera kubwereka ndalama kubanki, amasefa makalata a ofuna ntchito, amaŵerenga zithunzi za m'chipatala, ndipo amasonyeza katundu woyenera kusechedwa pamadoko ndi pamalire a maiko. Ambiri mwa olambira Yehova amayambukiridwa ndi zosankha zoterozo, ndipo ena a iwo ndiwo amakhala pamakinawo kuntchito. Chotero mafunso aŵa ngoyenera: Makina akalakwa, kodi mlandu ngwayani? Kodi kuyang'anira makina kwenikweni kumafuna chiyani? Ndipo kodi Baibulo, buku limene linamalizidwa zaka pafupifupi 1,900 kompyuta isanakhaleko, lingapereke chitsogozo chotani?

Chipangizo Chothandiza, Koma Chopanda Chikumbumtima

4. Kodi nchifukwa ninji programu yonga ChatGPT ingapeke zinthu zimene kulibe?

4 Choyamba nkofunika kudziŵa mmene makinawo amagwirira ntchito. Programu yonga ChatGPT, imene inatulutsidwa kwa anthu onse mu November 2022, inaphunzitsidwa mwa kuidyetsa zolemba zosaŵerengeka. Mwa zimenezo inazoloŵera kudziŵa mawu amene kaŵirikaŵiri amatsatana. Ikafunsidwa funso, imalumikiza mawu amodziamodzi mogwirizana ndi zimene zikuoneka kukhala zoyenerera pamalopo. Nthaŵi zambiri yankho limakhala lolondola. Koma pamene isoŵa chenicheni, ikhoza kuumba dzina la mlandu, chaka chake, ndi nambala ya tsamba, zonsezo zooneka bwino lomwe, ndipo imazinena ndi chidaliro chofanana ndi chimene imanenera zoona. Siichita manyazi, siichita chibwibwi, ndipo siyang'ana pansi monga amachitira munthu wonama.

5. Kodi makina a AI athandiza motani polimbana ndi chifuŵa chachikulu?

5 Kodi zimenezi zikutanthauza kuti makina otero ngoipa? Kutalitali! Talingalirani za chifuŵa chachikulu cha TB, nthenda imene yapulula mabanja ambiri kummwera kwa Afirika, kumene madokotala odziŵa kuŵerenga zithunzi za X-ray ali oŵerengeka. Mu 2021 bungwe la World Health Organization linavomereza kugwiritsira ntchito makompyuta kuŵerenga zithunzi za m'chifuŵa pofufuza nthendayi mwa anthu a zaka 15 kapena kuposapo. Kuyambira mu 2018 kufikira mu 2020, bungwe la Africa Health Research Institute, limene lili ndi malo ake ofufuzira ku Durban, linapima anthu oposa 17,000 m'midzi ya m'boma la uMkhanyakude pantchito yotchedwa Vukuzazi. Programu yotchedwa CAD4TB inali kuŵerenga chithunzi chilichonse pomwepo ndi kusonyeza oyenera kupereka makhololo. Programu imodzimodziyo inayesedwanso pachipatala cha Bangwe ku Blantyre, m'Malaŵi.

6. Kodi panali kusiyana kotani pakati pa zochitika za kukhoti ndi za ku uMkhanyakude?

6 Komano onani kusiyana kwake. Ku uMkhanyakude mawu a kompyuta sanali omaliza. Dokotala wa zithunzi anali kuziŵerenganso payekha, makhololo anali kupimidwa m'labotale, ndipo anthu ophunzitsidwa ndiwo anali kuuza wodwala zotulukapo ndi kumtumiza kukalandira mankhwala. Kukhoti kuja, zimene zinalembedwa zinadutsa m'manja mwa anthu angapo popanda wozitsimikizira. Chotero vuto silinali pa chipangizo chokha ayi. Linali pa anthu amene anasiya malo awo. Munthu yekha ndiye analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo yekha ndiye ali ndi chikumbumtima chimene chimamtsutsa kapena kumvomereza. (Genesis 1:27, Aroma 2:14, 15) Makina sakonda choonadi, ndiponso sadana ndi bodza. Sangalape, ndipo sangaimbidwe mlandu.

Mwini Ng'ombe Ndiye Anali Kuyankha

7. Kodi lamulo lonena za ng'ombe yotunga anthu limaphunzitsa chiyani ponena za thayo?

7 Chilamulo chimene Yehova anapatsa Aisrayeli chinalongosola za ngozi yochititsidwa ndi chinthu champhamvu, chothandiza, koma chosadziŵa chabwino ndi choipa. Ngati ng'ombe inatunga munthu mwadzidzidzi nafa, ng'ombeyo inali kuphedwa, koma mwini wake analibe liwongo la mwazi. Komabe, ngati inali ndi chizoloŵezi cha kutunga, ndipo mwini wake anachenjezedwa koma osaitsekera, iyeyo anali kuyankha ndi moyo wake kapena ndi dipo limene anamuikira. (Eksodo 21:28-30) Anthu a m'midzi ya m'Malaŵi, Zambia, ndi Mozambique sangavutike kumvetsa zimenezi. Mbuzi zikadya chimanga cha mnansi, nyakwaŵa saitana mbuzizo kubwalo. Amaitana mwini khola. Ndipo iye sangadzikanire mwa kunena kuti mbuzi ndi mbuzi basi, popeza kudziŵa kwake chibadwa cha mbuzi ndiko kumene kunampatsa thayo la kuzimangirira.

8. (a) Kodi opanga makina ali ndi thayo lotani? (b) Kodi nchifukwa ninji ogwiritsira ntchito makinawo sanganene kuti sanachenjezedwe?

8 Lamulo lina linafuna kuti womanga nyumba yatsopano amange kakhoma kotchinga m'mphepete mwa denga lake lathyathyathya, kuti wina asagwe ndi kudzetsa liwongo la mwazi panyumbapo. (Deuteronomo 22:8) Chotetezera chinayenera kukhalapo tsoka lisanagwe. Mofananamo, opanga makina a AI ali ndi thayo la kuwayesa bwino ndi kunena poyera zofooka zake, ndipo makampani ndi maboma owagula ali ndi thayo la kuika anthu owayang'anira. Bwanji nanga za owagwiritsira ntchito? Ng'ombe imeneyi njodziŵika kale kuti imatunga. Mu June 2023 khoti lina ku New York linalipiritsa maloya madola 5,000 kaamba ka kutchula milandu yopekedwa ndi ChatGPT. Chaka chomwecho khoti la majisitireti ku Johannesburg linadzudzula maloya ena pachifukwa chofananacho. Ndiyeno mu June 2025, patangopita miyezi yoŵerengeka chiperekedwere chiweruzo cha ku Pietermaritzburg, Khoti Lalikulu ku Johannesburg linapezanso milandu yopeka m'zikalata za mlandu wina. Machenjezo sanasoŵe ayi.

9. Kodi ndi chikhoterero chakale chiti chimene chimaoneka m'mawu akuti kompyuta ndiyo yakana?

9 Ngakhale kuli tero, anthu opanda ungwiro amakonda kukankhira mlandu kwina. Adamu analoza mkazi wake, ndipo mkaziyo analoza njoka. (Genesis 3:12, 13) Pamene Mose anafunsa Aroni za fano la mwana wang'ombe, Aroni analankhula monga ngati kuti iye anangoponya golidi pamoto ndipo fanolo linatuluka lokha, chikhalirecho anali ataliumba ndi manja ake. (Eksodo 32:4, 24) Pilato anasamba m'manja pamaso pa khamu, koma asilikali amene anapha Yesu anali pansi pa ulamuliro wake. (Mateyu 27:24-26) Lerolino kalaliki angauze mkazi wamasiye kuti kompyuta ndiyo yakana, ndiyeno nkuitana wotsatira pamzere. Kunena zoona, pali munthu amene anasankha kugula makinawo, wina anaika malire a zimene adzavomereza, ndipo wina anasankha kusafunsa. Madzi a Pilato sanachotse liwongo lake, ndipo kompyuta singachotse la munthu aliyense.

Kodi Kuyang'anira Kwenikweni Kumafuna Chiyani?

10. Kodi maboma ayesa motani kusungitsa munthu pamalo ake?

10 Olamulira ambiri aiona ngozi imeneyi. Ku South Africa, gawo 71 la lamulo lotetezera chidziŵitso cha munthu mwini, lotchedwa POPIA, limene linapangidwa mu 2013 ndi kuyamba kutsatiridwa mokwanira mu July 2021, limaletsa kugamula nkhani yaikulu yokhudza munthu, monga ngati kuyenerera kwake ngongole kapena kagwiridwe kake ka ntchito, mwa kudalira makina okha, kusiyapo m'mikhalidwe ina yotchulidwa m'lamulolo. Mu November 2021 maiko 193 a m'bungwe la UNESCO anagwirizana kuti thayo lomaliza liyenera kukhala pa anthu nthaŵi zonse. Ndipo lamulo la European Union lonena za AI, limene linayamba kugwira ntchito pa August 1, 2024, likufuna kuti makina okhoza kuvulaza kwambiri apangidwe mwanjira yakuti munthu athe kuwatsutsa kapena kuwaimitsa. Akristu amalemekeza malamulo otero.—Aroma 13:1, 5.

11. Kodi chitsanzo cha Mfumu Ahaswero chikusonyeza motani kuti kukhalapo kwa woyang'anira sikokwanira?

11 Komabe, lamulo likhoza kukhazika munthu pampando, koma silingatsegule maso ake. Mfumu Ahaswero ya Perisiya inamva kwa Hamani kuti mtundu wina wa anthu unali wosamvera malamulo. Mwachionekere iyo sinafufuze nkomwe. Inavula mphete yake yodindira niipereka kwa Hamani, ndipo lamulo la kupululutsa Ayuda linatuluka m'dzina la mfumu. (Estere 3:8-13) Dzina linali la Ahaswero, koma chosankha chinali cha wina. Zofananazo zimachitika pamene wantchito apatsidwa mafaelo mazanamazana patsiku kuti angodinda zimene makina anena. Ofufuza aona kuti makina akakhala olondola kwa nthaŵi yaitali, wowayang'anira amayamba kuwodzera, kufikira amakhulupirira makinawo koposa maso ake. Kuti kuyang'anira kukhale kwenikweni, pafunikira zinthu zitatu.

12. Kodi chofunika choyamba nchiyani, ndipo Aisrayeli analephera motani pankhani ya Agibeoni?

12 Choyamba, woyang'anira ayenera kufufuza. M'masiku a Yoswa, Agibeoni anafika ndi matumba akale, nsapato zong'ambika, ndi mkate wouma, nanena kuti achokera kutali. Umboniwo unaoneka wokhutiritsa. Akulu a Israyeli anayang'ana kambayo koma sanafunsire kwa Yehova, ndipo patapita masiku atatu anazindikira kuti anapangana pangano ndi anansi awo. (Yoswa 9:3-16) Mlandu wopeka wokhala ndi chaka ndi nambala ya tsamba uli ngati mkate woumawo. Kuoneka kwake kwenikweniko ndiko msampha. Baibulo limasiyanitsa munthu wachibwana, womeza mawu alionse, ndi wochenjera, amene amapenda poponda. (Miyambo 14:15) Oweruza a Israyeli analamulidwa kufunsitsa bwino, ndipo mboni imodzi sinali yokwanira. (Deuteronomo 19:15, 18) Akuluakulu akale anati safunsa anadya phula. Funso limodzi lokha, lakuti bwera nalo bukulo ndione, likanapulumutsa maloya aja ku manyazi.

13. Kodi chofunika chachiŵiri nchiyani, ndipo chinaoneka motani mu 1983?

13 Chachiŵiri, woyang'anira ayenera kukhala ndi mphamvu ndi kulimba mtima kwa kukana. Pa September 26, 1983, Stanislav Petrov, mkulu wa asilikali wa Soviet Union, anali paulonda pamalo ena pafupi ndi Moscow pamene makompyuta anasonyeza kuti United States yaponya mizinga ya nyukiliya. Makinawo sanali AI yonga ya lerolino, koma chiyeso chake chinali chimodzimodzi. Petrov analingalira kuti dziko loyambitsa nkhondo yotero silingaponye mizinga yoŵerengeka chabe, ndipo anauza akuluakulu ake kuti chenjezolo linali lolakwika. Pambuyo pake kunadziŵika kuti kuŵala kwa dzuŵa pamitambo ndiko kunanyenga makinawo. Mlonda wa m'nthaŵi za Baibulo anali kuyankha mlandu pa zimene anachita ndi zimene anaona. (Ezekieli 33:2-6) Woyang'anira amene saloledwa kutsutsa makina, kapena amene amalangidwa akatero, sali mlonda konse. Iye ali chabe wosenzetsedwa mlandu zinthu zikaipa.

14. Kodi chofunika chachitatu nchiyani, ndipo chinachitika nchiyani ku Netherlands pamene chinanyalanyazidwa?

14 Chachitatu, munthu wokhudzidwayo ayenera kumvedwa. Ku Netherlands, ofesi ya msonkho inagwiritsira ntchito programu yosonyeza makolo okayikiridwa kuti akuba ndalama za boma zothandizira kulera ana. Chimodzi cha zinthu zimene programuyo inali kuyang'ana chinali unzika wa munthu, kotero kuti mabanja ochokera kumaiko ena anakayikiridwa koposa. Makolo zikwi makumi ambiri analamulidwa kubweza ndalama zochuluka, ndipo madandaulo awo sanamvedwe kwa zaka zambiri. Ena anataya nyumba, ndipo maukwati ena anasweka. Nkhaniyo itaululika, nduna zonse za boma la Mark Rutte zinatula pansi maudindo mu January 2021. Malemba amati kuyankha nkhani usanaimvetsere ndi utsiru wochititsa manyazi, ndipo woyamba kunena mlandu amaoneka wolungama kufikira mnzake atamfunsa. (Miyambo 18:13, 17) Nikodemo anakumbutsa oweruza anzake kuti Chilamulo sichinalole kutsutsa munthu asanamvedwe.—Yohane 7:50, 51.

15. Kodi nchifukwa ninji kulakwa kwa makina kumagwera kwambiri osauka ndi alendo?

15 Onani kuti ovulala anali makamaka osauka ndi alendo. Zimenezo sizodabwitsa. Makina amaphunzira pa zolembedwa za zimene anthu anachita kale, ndipo ngati m'zolembedwazo muli tsankho, makinawo amalitengera ndi kulibwereza. Kalaliki mmodzi watsankho amavulaza ofika pawindo pake, koma programu imodzi yopotoka imavulaza dziko lonse panthaŵi imodzi, mwakachetechete. Wolemera amalemba loya, pamene wosauka amabwerera kunyumba osadziŵa ndi chifukwa chomwe. Yehova analetsa mwamphamvu kupotoza mlandu wa mlendo, wa mwana wamasiye, ndi wa waumphaŵi. (Eksodo 23:6, 9, Deuteronomo 24:17) Ndiponso, pa uphungu wa Yetero, Mose anaika oweruza a magulu aang'ono ndi aakulu, kotero kuti nkhani yovuta inali ndi kokwera. (Eksodo 18:21-26) Dongosolo lililonse limene lilibe khomo loti munthu agogodepo ndi kulankhula ndi munthu mnzake nlopereŵera pa muyezo umenewo.

Ngozi ya Kugwadira Ntchito ya Manja

16. Kodi ndi liti pamene chipangizo chimakhala msampha wauzimu?

16 Palinso ngozi ina yobisika. Mneneri Yesaya anafotokoza za mmisiri amene adula mtengo, nawotha moto ndi kuphikira chakudya mbali ina, ndiyeno yotsalayo nkuisema kukhala mulungu woti ampulumutse. (Yesaya 44:14-17) Habakuku anafanizira Akasidi ndi msodzi wopereka nsembe kwa khoka lake chifukwa chakuti lamlemeretsa. (Habakuku 1:15, 16) Mtengo ndi khoka nzabwino pantchito yake. Cholakwa chinali kuzipatsa ulemu ndi chidaliro zimene sizinaziyenere. Kugwiritsira ntchito AI sindiko kulambira mafano. Koma pamene munthu aleka kuganiza chifukwa chakuti makina alankhula, kapena pamene afunsa makina chabwino ndi choipa m'malo mwa kufufuza Mawu a Mulungu, iye waika ntchito ya manja a anthu pamwamba pa luntha limene Mlengi anampatsa.—Miyambo 3:5, 6; Ahebri 5:14.

17. Kodi angayankhidwe motani munthu wonena kuti anthu amalakwa kuposa makina?

17 Wina angatsutse kuti: Kodi anthu nawo salakwa? Kodi satopa, kukondera, ndi kulandira ziphuphu? Nzoona, ndipo pantchito zina makina amalondola kuposa munthu wotopa. Nchifukwa chake kuli kwanzeru kuwalola kuthandiza. Komabe, munthu amafunika pamalopo osati chifukwa chakuti salakwa, koma chifukwa chakuti akhoza kufunsidwa, kuchita manyazi, kuwongolera, ndi kubwezera wolakwiridwa. Ndiponso iye akhoza kuona pamene lamulo labwino likubala chisalungamo pa munthu wina wake. Wansembe Ahimeleki anapatsa Davide wanjala mkate wopatulika, ndipo Yesu anatchula chochitikacho posonyeza kuti Mulungu amakondwera ndi chifundo. (1 Samueli 21:1-6, Mateyu 12:1-7) Makina amaŵerengera zimene zinachitikira anthu ambiri ofanana ndi wopemphayo. Chifundo chimayang'ana munthu mmodzi amene waima pamenepo.—Yakobo 2:13.

Mkristu Pantchito ndi Mumpingo

18. Kodi Mkristu wogwira ntchito ndi makina otero angasonyeze motani kukhulupirika?

18 Kodi zonsezi zikutanthauzanji kwa Mkristu? Talingalirani za mlongo wogwira ntchito pa ofesi yobwereketsa ndalama ku Durban. Makina akana pempho la munthu wina, koma iye akuona kuti dzina la munthuyo lasokonezedwa ndi la wina. Kungodinda nkosavuta, ndipo mwina palibe amene angadziŵe. Komabe, chikumbumtima chake chophunzitsidwa Baibulo chidzamsonkhezera kudziŵitsa woyang'anira wake mwaulemu ndi kulemba zimene waona. Mbale womasulira makalata, mphunzitsi wochonga mayeso, kapena namwino angagwiritsire ntchito makinawo ngati owalemba ntchito alola, koma sadzaika dzina lake pa chinthu chimene sanachiŵerenge, ndipo sadzabisa kuti anathandizidwa ndi makina ngati afunsidwa. Kukhulupirika pazinthu zazing'ono ndiko kumasonyeza mmene munthu adzachitira pazazikulu. (Luka 16:10, Akolose 3:23, Ahebri 13:18) Kufufuza kumadya nthaŵi, koma kuona maso a nkhono nkudekha.

19. Kodi kusamala kotani kukufunika pophunzitsa ndi posamalira nkhani mumpingo?

19 Mumpingo kusamala kukufunika koposa. Programu imene ingapeke mlandu wa kukhoti ingapekenso lemba, chaka, kapena mawu a katswiri amene sanakhaleko. Luka anafufuza zinthu zonse mosamalitsa asanalembe, ndipo anayamikira anthu a ku Bereya chifukwa chakuti anali kutsimikizira m'Malemba ngakhale zimene mtumwi Paulo anawauza. (Luka 1:3, Machitidwe 17:11) Ngati mawu a mtumwi anayenera kupendedwa, kuli bwanji a makina! Mbale wokonza nkhani ayenera kutsegula Baibulo lake ndi kuona yekha lemba lililonse. (2 Timoteo 2:15) Ndiponso, popeza tsopano makina akhoza kupanga chithunzi chonama kapena kutsanzira mawu a munthu, Mkristu sadzafulumira kutumiza kwa ena pa WhatsApp chilichonse choipitsa mbiri ya mnzake. Akulu, nawonso, sadzagamula nkhani pa umboni wa chithunzi kapena mawu ojambulidwa okha, popanda kumva mwini wake ndi mboni.—Eksodo 23:1, 1 Timoteo 5:19, 21.

20. Kodi Mkristu angachitenji ngati walakwiridwa ndi chosankha cha makina?

20 Bwanji ngati Mkristuyo ndiye walakwiridwa? M'mipingo ya ku Durban muli abale ndi alongo ochokera ku Malaŵi, Zambia, Mozambique, ndi Zimbabwe, ndipo kaŵirikaŵiri mlendo amaopa kufunsa. Komatu kupempha kuti munthu apendenso chosankha cha makina si chipanduko. Ku Filipi, Paulo anakumbutsa olamulira za kuyenera kwake monga nzika ya Roma, ndipo pambuyo pake anachita apilo kwa Kaisara. (Machitidwe 16:37, 25:11) Chotero Mkristu angafunse chifukwa chimene wakanidwira, kupempha kuti yankho lilembedwe, kusunga makalata ake onse, ndi kupita ku ofesi yolandira madandaulo. Adzachita zimenezo mofatsa, pokumbukira kuti wantchito wa pawindo angakhale womangika manja. (Miyambo 15:1, Tito 3:1, 2) Ndipo abale odziŵa kuŵerenga zikalata angasonyeze chikondi mwa kuthandiza okalamba ndi achilendo kutsatira njira zimenezi.

21. Kodi ndi Woweruza uti amene sadzafunikira womuyang'anira, ndipo kudziŵa zimenezo kuyenera kusonkhezera atumiki a Mulungu kuchitanji?

21 Malamulo abwino ndi oyang'anira atcheru angachepetse kuvulala, koma sangakuthetse, pakuti onse aŵiri opanga makina ndi owayang'anira ngopanda ungwiro. (Yeremiya 10:23) Chiyembekezo chenicheni chili pa Woweruza woikidwa ndi Yehova, Yesu Kristu, amene ulosi unasonyeza kuti sadzadalira maonekedwe kapena mphekesera, koma adzaweruza osauka mwachilungamo. (Yesaya 11:3, 4; Yohane 5:22) Pamaso pake palibe amene adzakhala nambala chabe. Pakali pano, chenjezo limene Mfumu Yehosafati anapatsa oweruza a Yuda likugwirabe ntchito kwa aliyense amene chosankha chake chimayambukira mnzake: ntchitoyo ikuchitidwa pamaso pa Yehova, amene alibe tsankho. (2 Mbiri 19:6, 7) Chotero atumiki a Mulungu agwiritsiretu ntchito zipangizo zatsopano moyamikira ndi mwanzeru, koma asapereke mphete yawo yodindira kwa makina alionse. Mwa kufufuza, mwa kulimba mtima kukana cholakwika, ndi mwa kumvetsera wodandaula, iwo adzakhala ndi chikumbumtima choyera pamaso pa Uyo amene amaona zonse.—Ahebri 4:13.

Mafunso Obwereramo

□ Kodi lamulo la ng'ombe yotunga anthu likusonyeza kuti mlandu ngwayani makina akalakwa?

□ Kodi ndi zinthu zitatu ziti zimene zimapangitsa kuyang'anira kukhala kwenikweni?

□ Kodi nchifukwa ninji munthu akufunikabe ngakhale pamene makina ali olondola kwambiri?

□ Kodi Mkristu angasonyeze motani kusamala pantchito ndi mumpingo?